Kugula sayilensa kapena mfuti yaifupi ku America: mafomu, sitampu ndi pomwe anthu amakodwa

Ku America mukhoza kulipira ndalama zonse za sayilensa, chipangizo chochepetsa kulira kwa mfuti, lero, risiti n'kukhala m'thumba, koma m'sitolomo mutuluka chimanjamanja. Katunduyo amatsala m'sefa ya wogulitsa mpaka bungwe la boma loona za mfuti, la ATF, litavomereza kuti achoke m'dzina la sitolo n'kulowa m'dzina lanu. Ndondomekoyi ndimaidziwa chifukwa chodutsamo, ndipo chimene ndikufuna abale athu okhala kumeneko amvetse n'chakuti chilolezo chimayamba, katundu amabwera pambuyo. Pafupifupi mavuto onse amene anthu amagweramo amachokera pa kusinthanitsa ziwirizi.

Lamulo lake ndi National Firearms Act, limene Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina mu June 1934. Inali nthawi imene zigawenga zinkaphana ndi mfuti zachiwaya za Thompson, monga zinachitikira ku Chicago pa 14 February 1929. Aphungu ankakayika ngati anali ndi mphamvu zoletseratu mfuti, choncho anadzera ku msonkho: madola 200 nthawi iliyonse chida chikasintha mwini. Ndalamayi inali yofanana ndi mtengo wa Thompson yeniyeniyo, ndipo pa mtengo wa lero ikuposa madola 4,000. Khoti lalikulu la dzikolo linavomereza lamuloli mu 1937 pa mlandu wa Sonzinsky, ponena kuti ndi la msonkho. N'chifukwa chake mpaka lero lili m'buku la malamulo a misonkho, ndipo chilolezo chanu anthu amangochitchula kuti sitampu.

Si mfuti iliyonse imene ili pansi pa lamuloli. Pistol wamba, mfuti yosakira nyama, ngakhale AR-15 ya mpope wautali, zimagulidwa m'njira ina yachidule. Zimene zimafuna kalembera wapaderayu ndi mfuti zachiwaya, zomwe zimalavula zipolopolo zingapo mukakoka kamodzi, sayilensa, rifle ya mpope wosakwana mainchesi 16, shotgun ya mpope wosakwana mainchesi 18, rifle kapena shotgun yodulidwa moti utali wake wonse sukwana mainchesi 26, zida zophulika monga magirenedi pamodzi ndi mfuti za mpope wotakata kuposa theka la inchi, kupatula ma shotgun osakira, komanso gulu lotchedwa AOW, momwe muli mfuti zobisika m'cholembera kapena m'ndodo, ndi pistol yoikidwa chogwirira choimirira kutsogolo. Zonsezi zimalembedwa m'kaundula mmodzi wa dziko lonse, ndipo ofesi yake ili ku Martinsburg, West Virginia.

Za utali wa mpope zimafunika kuzimvetsa bwino, chifukwa apa munthu amapalamula mlandu waukulu ndi kachidutswa kosakwana chala. Mpope sayeza kunja ndi tepi. Mumachotsa zipolopolo zonse, kutseka mfuti ngati yokonzeka kuwombera, kulowetsa kamtengo kowongoka kuchokera kukamwa mpaka kakagunde kumapeto, kuika chizindikiro pakamwapo, kenako kuyeza kamtengoko. Chitsulo chomangira kukamwa kwa mpope chimene chimamasuka ndi sipanala sichiwerengedwa. Chimawerengedwa chikakhomedwa ndi pini n'kuwotcherera. N'chifukwa chake m'masitolo mumapeza mipope ya mainchesi 14.5 yowotchereredwa chitsulo kuti ifike 16. Wina akadula chowotchereracho kuti asinthe chitsulo, pa mphindi imeneyo ali ndi rifle yaifupi yosalembetsa. Mafakitale ambiri amapanga mipope ya shotgun ya mainchesi 18.5 dala, kuti pakhale mpata.

Musanapite kusitolo pali mafunso awiri oti mudziyankhe, ndipo kwa ife obadwira kunja loyamba ndi la mapepala okhalira m'dzikomo. Nzika ndi munthu wa green card, chiphaso chokhalira m'dzikomo mokhazikika, amaloledwa kulembetsa ngati alibe chomuletsa china. Amene ali pa viza ya kanthawi, kaya yasukulu, yantchito kapena yokacheza, lamulo limamuletsa kukhala ndi mfuti iliyonse ngakhale zipolopolo, pokhapokha atakhala m'gulu la okhululukidwa, monga amene ali ndi laisensi yosakira nyama imene ikugwirabe ntchito. Laisensiyo ikatha, chikhululukirocho chathanso, ngakhale mfuti munaigula mwalamulo. Amene mapepala ake anatha, kapena alibe, saloledwa n'komwe. Apa ndimalankhula mosapita m'mbali: mlandu wa mfuti ndi umodzi mwa milandu imene imathamangitsitsa munthu m'dziko ngakhale ali ndi green card. Ngati simunakhale nzika ndipo mapepala anu ali ndi pena pokayikitsa, kaonaneni ndi loya wa za olowa ndi otuluka musanalembe fomu iliyonse. Fomuyo mumasaina molumbira, ndipo bodza pa funso limodzi ndi mlandu pawokha.

Pali funso lina pafomupo limene limagwetsa anthu ambiri, la chamba. Zigawo zambiri zinaloleza chamba, koma kwa boma lalikulu la ku Washington wosuta chamba ndi woletsedwa kukhala ndi mfuti, ngakhale atakhala ndi khadi la kuchipatala. Ena oletsedwa ndi amene anapezeka olakwa pa mlandu waukulu, pa nkhanza za m'banja ngakhale chilango chinali chochepa, ndi amene khoti linawalamula kuti asayandikire mkazi kapena mwamuna wawo.

Funso lachiwiri ndi la chigawo chimene mukukhala. Sitampu ya ATF siifafaniza lamulo la chigawo. Sayilensa ndi yoletsedwa kwa anthu wamba ku California, New York, New Jersey, Illinois, Massachusetts, Rhode Island, Delaware, Hawaii ndi mumzinda wa Washington, D.C. Mndandanda wa zigawo zoletsa mfuti zazifupi kapena zachiwaya ndi wosiyana ndi umenewu, choncho funsani za chida chenichenicho chimene mukufuna. ATF siivomereza fomu ngati chidacho n'choletsedwa komwe mukukhala.

Tsopano kagulidwe kake. Si sitolo iliyonse ya mfuti imene imagulitsa zida zimenezi. Pamafunika wogulitsa amene, kuwonjezera pa laisensi yake, amalipira msonkho wapadera wa pachaka, amene amatchedwa SOT. Kugula kwa wogulitsa wotere kumafuna zaka 21. Mukagula pa intaneti kuchokera kuchigawo china, katunduyo amayamba wasamutsidwa kuchokera kwa wogulitsa wakutaliyo kupita kwa wogulitsa wakwanuko kudzera pa Form 3. Iyi si fomu yanu ndipo ilibe msonkho, koma imatenga nthawi yake, ndipo wakwanukoyo adzakulipiritsani ndalama yogwirira ntchitoyo. Funsiranitu mtengo wake. Funsiraninso chimene chimachitika boma likakukanani: masitolo ena amabweza ndalama zonse, ena amadulako, ena amangokugulitsirani katunduyo kwa munthu wina. Yankho lake likhale lolembedwa musanalipire.

Fomu yanu ndi Form 4. Masiku ano ambiri amailemba pa kompyuta kudzera pa eForms ya ATF, imene inayamba kulandira Form 4 kumapeto kwa 2021. Mumatsegula akaunti yanu, mumasankha nambala yachinsinsi, wogulitsa amalemba za katunduyo, inu mumayankha mafunso a za moyo wanu, kenako nonse mumatsimikizira. Pamafunika chithunzi chatsopano chonga cha pasipoti, mainchesi 2 mbali zonse, chopanda chipewa kapena magalasi akuda. Pamafunikanso zidindo za zala. Mukhoza kuzitumiza ngati fayilo ya pakompyuta yotchedwa EFT, kapena pa makadi awiri a FBI otchedwa FD-258, amene muyenera kutumiza pa positi mkati mwa masiku 10 pamodzi ndi kalata imene kompyutayo imakupatsani. Ine ndimalangiza fayilo. Mumadinda kamodzi, n'kumaigwiritsa ntchito pa mafomu ena onse amtsogolo, ndipo siisochera pa positi. Ogwira ntchito zamanja, osamalira odwala amene amasamba m'manja maulendo ambirimbiri patsiku, ndi achikulire, zidindo zawo zimatuluka zofufutika. Dzolani mafuta m'manja kwa masiku angapo musanakadinde.

Kale pankafunika siginecha ya mkulu wa apolisi wa m'dera lanu, ndipo akakana, nkhani yathera pomwepo. Kuyambira pa 13 July 2016, pansi pa lamulo lotchedwa 41F, mkuluyo amangotumiziridwa kope lomudziwitsa. Savomereza kapena kukana. Mafomu amakonzedwanso nthawi ndi nthawi, choncho tsatirani malangizo a pa fomu imene ikugwira ntchito tsiku limene mukulembalo, osati kope lakale la mnzanu.

Zimene zimabwezetsa fomu n'zazing'ono kwambiri moti zimapweteka mtima. Nambala ya katundu yolembedwa ndi 0 pamene pali chilembo O. Dzina la mtundu wa katundu losiyana ndi limene fakitale inalembetsa. Adiresi yosiyana ndi ya pa laisensi yoyendetsera galimoto. Kwa ife palinso vuto la mayina: pasipoti ili ndi mayina atatu, green card ili ndi awiri, laisensi inafupikitsa lapakati, kapena dzina la bambo linalembedwa ngati loyamba. Konzani zimenezi kaye, kenako lembani dzina limodzimodzi paliponse, ngakhale pa akaunti ya eForms. Ngati si inu nzika, nambala yanu ya ku ofesi ya olowa ndi otuluka ilembeni mosamala, chifukwa FBI imakaitsimikizira kumeneko. Nambala ya Social Security sakakamiza, koma ilembeni. A Banda ndi a Phiri alipo ambiri, ndipo dzina lanu likafanana ndi la munthu wa mbiri yoipa, fomu imaima mpaka wina aifufuze pamanja.

Musanatsimikizire, tengani katunduyo m'manja pa kauntala, muwerenge nambala yozokotedwa pachitsulo chilembo ndi chilembo, wogulitsa akuyang'ana pa kompyuta. Musadalire ya pa katoni.

Za nthawi yodikira, zinthu zinasintha kwambiri. Zaka za m'mbuyomu kudikira miyezi 8 mpaka chaka chinali chizolowezi. Kuyambira 2024 mafomu ambiri a pakompyuta a munthu payekha anayamba kutuluka m'masiku ochepa. Koma palibe tsiku limene boma linalonjeza, ndipo fomu imene yaima ku FBI ikhoza kukhalabe miyezi. Ikavomerezedwa, inu ndi wogulitsa mumalandira imelo yokhala ndi fomu ya chithunzi cha sitampu. Mumapita kusitolo, kulemba Form 4473 ngati pogula mfuti ina iliyonse, n'kutenga katundu wanu.

Nanga msonkho uja? Kwa zaka zoposa 90 unali madola 200 osasintha, kupatula kusamutsa AOW komwe kunali madola 5. Lamulo la bajeti limene Pulezidenti Donald Trump anasaina pa 4 July 2025 linautsitsa kufika pa ziro kuyambira pa 1 January 2026 pa sayilensa, rifle yaifupi, shotgun yaifupi ndi AOW. Pa mfuti zachiwaya ndi zida zophulika udakali madola 200. Apa m'pamene pandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa nkhaniyi inafalikira ngati kuti zida zimenezi zamasulidwa. Chimene aphungu anachotsa ndi ndalama yokha. Kalembera, zidindo za zala, chithunzi, kufufuzidwa ndi kudikira chilolezo, zonse anazisiya momwemo, pamodzi ndi chilango chake, chomwe chimafika zaka 10 m'ndende. Magulu omenyera ufulu wa mfuti anakasuma mu 2025 ponena kuti kalembera wopanda msonkho alibenso poimira, poti khoti linavomereza lamuloli ngati la msonkho. Mfundoyo ndi yomveka, koma kusuma si chigamulo. Musachite kanthu potengera zimene wina walemba pa Facebook. Funsani wogulitsa wa SOT mmene lamulo lilili tsiku limenelo.

Muyeneranso kusankha ngati mukulembetsa m'dzina lanu kapena la trust, ndipo chisankhochi chimakutsatirani zaka zambiri. Mukalembetsa panokha, ndinu nokha amene mumaloledwa kukhala ndi chidacho. Mnzanu akhoza kuwombera nacho inu muli pomwepo, koma simungamubwereke kuti apite nacho kosaka. Ngakhale mkazi kapena mwamuna wanu asakhale ndi kiyi wa sefa imene chilimo, chifukwa pamaso pa lamulo amene angathe kutsegula inu kulibe akhoza kuonedwa kuti ali nacho. M'nyumba zathu momwe mumakhala msuweni wapasukulu kapena mlamu amene wangofika kumene, nkhaniyi ndi yaikulu kawiri, poti munthu ameneyo mwina ndi woletsedwa kukhudza mfuti iliyonse. Trust ndi chikalata cha lamulo chimene chimakhala mwini wa katunduyo, ndipo onse olembedwamo ngati oyang'anira amaloledwa kuchisunga. Mtengo wake ndi wakuti aliyense wa iwo amalemba Form 5320.23, kupereka zidindo ndi chithunzi, ndi kufufuzidwa. Mmodzi akakhala ndi vuto, fomu yonse yaima. Chikalatacho chimatumizidwa chathunthu, masamba onse, chosainidwa, ndipo dzina la trust pa fomu lifanane ndendende ndi la pa chikalata, mpaka tsiku ngati tsikulo lili mbali ya dzinalo. Ngati mumakhala nokha kapena palibe wina wofuna kugwiritsa ntchito chidacho, lembetsani panokha. Ngati muli awiri osaka limodzi m'banja, trust ndi yoyenera, ndipo ikhale yolembedwa motsatira malamulo a chigawo chanu. Mukayamba panokha kenako n'kufuna trust, ndi Form 4 yatsopano.

Form 1 ndi ya munthu amene akufuna kusandutsa mfuti yake kukhala imodzi mwa zida zimenezi, kawirikawiri kuika mpope waufupi pa rifle kapena chotsamira paphewa pa pistol. Zofunika zake ndi zomwe zija, zidindo, chithunzi, kufufuzidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe wogulitsa wokusungirani katundu, ndiye wodziletsa ndinu. Dongosolo lake ndi ili: kutumiza fomu, kudikira sitampu, kuzokotetsa, kenako kumanga. Pamfutipo pamazokotedwa dzina lanu kapena la trust, mzinda ndi chigawo, mozama osachepera mainchesi 0.003, pamalo ooneka. Wozokota ndi makina a laser amamaliza mukudikira. Sankhani dzina la trust lalifupi, chifukwa lonselo liyenera kukwana pachitsulo.

Musagule mpope waufupi n'kuusunga pambali pa rifle yanu yokhayo fomu isanavomerezedwe. Kuyambira pa mlandu wa Thompson/Center wa mu 1992, mfundo imene imatsatidwa ndi yakuti zipangizo zimene zili pamodzi ndipo zilibe ntchito ina yovomerezeka kupatula kupanga mfuti yaifupi, zikhoza kuwerengedwa ngati mfutiyo, ngakhale sizinamangidwe. Pa sayilensa lamulo ndi lolimba kuposa apo: kachipangizo kalikonse kopangidwira sayilensa kamatengedwa ngati sayilensa pakokha. Timachubu totsika mtengo togulitsidwa pa intaneti m'dzina la zosefera mafuta a galimoto kapena zotsukira mfuti tagwiritsa anthu ambiri, ndipo mu 2022 ATF inakana mulu wa ma Form 1 a anthu amene anali atagula kale zoterezi. Zisiyeni. Chimodzimodzi kachitsulo koika kumbuyo kwa pistol ya Glock kuti izilavula zipolopolo: pakokha, kali m'thumba, ndi mfuti yachiwaya pamaso pa lamulo, ndipo palibe fomu imene munthu wamba angakalembetsere.

Chifukwa chake n'chakuti kaundula wa mfuti zachiwaya anatsekedwa kwa anthu wamba pa 19 May 1986. Zogulika ndi zokhazo zimene zinalembetsedwa tsikulo lisanafike, ndipo poti siziwonjezeka, mtengo wake umafika madola masauzande makumi angapo. Ya agogo imene yapezeka m'denga yopanda mapepala singalembetsedwe lero. Mwayi wotero unaperekedwa kwa masiku 30 okha mu 1968. Mukapeza yotere, imbirani loya kuti akonze zoipereka kwa boma.

Mukatenga katundu, udindo sunathe. Fomu yovomerezedwayo isungeni moyo wonse. Sindikizani kope loika m'chikwama cha mfuti, lina likhale pa foni, poti wogwira ntchito ku ATF ali ndi mphamvu yofunsa umboni wa kalembera, ndipo malo ambiri ophunzirirapo kuwombera amafunsanso. Kudutsa malire a chigawo ndi rifle yaifupi, shotgun yaifupi, mfuti yachiwaya kapena chida chophulika kumafuna chilolezo cha Form 5320.20 musananyamuke, kaya mukusamuka kaya mukungopita kumpikisano. Chilolezo chimodzi chikhoza kugwira mpaka chaka pa malo amodzi. Sayilensa ndi AOW sizifuna fomuyi, komabe komwe mukupitako ziyenera kukhala zololedwa, ndipo mukasamuka ndi bwino kudziwitsa ATF adiresi yatsopano. Amene ntchito yamusamutsira ku New York kapena ku California sangapite nayo sayilensa yake. Akhoza kuisiya yotsekeredwa kuchigawo chakale momwe wina sangatsegule, kapena kuigulitsa.

Kugulitsa nakonso ndi Form 4 ina, ndipo katundu amakhalabe kwa inu mpaka wogulayo atavomerezedwa, ngakhale atalipira kale. Sayilensa yogwiritsidwa kale ntchito siikhala ndi msika wabwino, choncho sankhani ngati chinthu chokhala nacho mpaka kalekale. Dziwaninso kuti siizimitsa phokoso ngati m'mafilimu. Imachotsa madesibelo, omwe ndi muyeso wa phokoso, pakati pa 20 ndi 35 pa kulira kumene pa rifle kumapitirira 160, ndiye zotseka m'makutu zimafunikabe.

Mwini akamwalira, chidacho chimapita kwa wolowa m'malo kudzera pa Form 5, yopanda msonkho, ndipo woyendetsa chuma cha masiye amaloledwa kuchisunga pamene fomuyo ikuyenda. Wolandirayo ayenera kukhala wololedwa ndi lamulo. Ngati ana anu ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, sangachilandire ngati mmene angalandirire wotchi. Kutulutsa sayilensa kapena mfuti zimenezi kunja kwa America kumafuna zilolezo zina za boma, ndipo sitampu ya ATF ilibe mphamvu iliyonse pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, komwe mfuti zili pansi pa apolisi ndi malamulo akwathu. Lembani papepala chida chilichonse, nambala yake, komwe kuli fomu yake, ndi dzina la wogulitsa wa SOT amene angathandize kuchigulitsa, ndipo pepalalo liikeni pamodzi ndi wilo yanu.